Chingerezi Chitawathawa a Mbewe

Lachinayi lapitali chakwana chaka chimwalirireni a Lufeyo Mbewe, amene Amalawi a ku Wattville kuno ku Joni tinkawatchula kuti a Dikishonale, ngakhale pamaso pawo tinkati aphunzitsi. Kutchalitchi palibe anakumbukira. Ine ndinakumbukira ndili m'takisi yopita ku ntchito, ndipo mkwiyo umene ndinkayesa kuti unatha unandibwerera wonse. Mkuluyo ndinkawakonda, koma ndinene poyera kuti ndimawakwiyirabe. Anali ndi mwana mmodzi yekha, Editi, ndipo m'miyezi yawo yomaliza bambo ndi mwana sankamvana popanda munthu wachitatu pakati. Munthu wachitatuyo kawirikawiri ndinali ine.

Kwawo kunali ku Dedza, ndipo kumeneko anali mphunzitsi weniweni wa Chingerezi pa sukulu ya sekondale. Chimene chinawasiyitsa choko n'kuwafikitsa ku Joni sanandiuze, nanenso sindinafunse, poti kuno aliyense ali ndi chake chimene anachisiya kumbuyo. Ine ndinawapeza ali mlonda wa pa geti ku Bedfordview, pa msewu umene ndimagwirako ntchito ya m'nyumba. Ntchito yawo inali kukweza ndi kutsitsa chitsulo chotchinga msewu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndi kulemba manambala a magalimoto olowa. Tinkakhalanso pa bwalo limodzi, m'zipinda za kuseri kwa nyumba ya mayi wina wa Chisutu, khomo langa litayang'anana ndi lawo. Zaka zoposa makumi awiri tinkakwera takisi imodzi, ndipo makutu anga anamva zambiri zimene sanapemphe.

M'thumba la yunifolomu yawo munkakhala bolopeni yofiira. Eni nyumba a pa msewuwo akamata chidziwitso pa kanyumba ka alonda, a Mbewe ankatsitsa magalasi pamphuno n'kuyamba kuchichonga ngati kope la mwana wa fomu wanu. Tsiku lina anazunguliza mawu atatu, n'kulemba pansi pake kuti wolembayo ayeserenso. Kampani ya alonda inawalembera kalata yowachenjeza. Kalatayonso anaichonga, koma imeneyo anangondionetsa ine ndekha.

Komatu chimene ankachikonda kwenikweni sichinali galamala. Inali mbiri ya Chingerezicho, kumene chinachokera ndi anthu amene chinawatolera mawu. Ankati ife timachiopa chifukwa tinachipeza chitavala kale suti, pamene iwo ankachidziwa chikadali chopanda nsapato. Malinga ndi iwo, chinayamba ngati chiyankhulo cha alimi ndi ankhondo amene anawoloka nyanja pa mabwato kuchokera cha ku Jeremani, anthu onunkha utsi ngati mmene tinkanunkhira ifeyo kumudzi. Kenako kunabwera achifwamba a kumpoto kozizira, amene anayamba ndi kutentha matchalitchi, koma pamapeto pake anakhazikika, anakwatira, n'kusiya mawu awo, monga a dzira ndi a thambo, amene Angerezi akuwagwiritsabe ntchito osadziwa kuti ndi a adani. Akafika pamenepa ankatchula mawu akale mokweza, osasiya chilembo ndi chimodzi chomwe, mpaka anthu a m'takisi kutembenuka. Ankati k uja wa m'mawu akuti knee, bondo, kale ankamveka bwinobwino. Anangokalamba n'kusiya kuyankhula, ndipo abale ake akuchita manyazi kumutaya.

Nkhani imene ankaibwereza mpaka ndinailoweza osafuna inali ya mfumu ina yoyankhula Chifalansa imene inawoloka n'kugonjetsa Angerezi kwawo komwe. Kuyambira pamenepo, kwa mibadwo ingapo, Chingerezi chinali chiyankhulo cha antchito a m'khola, a m'munda ndi a kukhitchini. Mabwana, oweruza milandu ndi a kunyumba ya mfumu ankayankhula Chifalansa. Umboni wake, iwo ankati, uli m'mbale. Ng'ombe ikakhala m'khola, pa ndowe, ndi cow, dzina la woweta. Ikafika patebulo ndi beef, dzina la wodya. Nkhumba chimodzimodzi, nkhosanso chimodzimodzi. Ndipo chiyankhulo cha antchito chija chinapirira, chinameza mawu a mabwana ake ambirimbiri, mpaka chinadzakhala bwana chokha n'kuyamba kuwoloka nyanja kudzatipeza ife.

"Mwaona, Anaphiri?" ankatero akundigwedeza pa phewa kuti ndisagone. "Woweta ali ndi mawu ake, wodya ali ndi ake. Ine ndi inu ndife a kukhola, zimenezo zinatha. Koma mwana wangayu adzakhala kumene akudyako."

Chakudza sichiyimba ng'oma. Miyezi inayi asanamwalire, kuzizira kutangoyamba, anagwa pa geti masanasana dzanja lili pa chitsulo. Woyendetsa galimoto amene ankadikira analiza hutala kwa kanthawi ndithu asanatsike kukaona chifukwa chake chitsulocho sichikukwera. Inali sitiroko. Mbali ya kumanja inafa, pakamwa panapindika. Tsiku lachitatu anatsegula maso ku chipatala ine ndi Editi tili pompo. Editi panthawiyo anali mayi wamkulu wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, wogwira ntchito ya mu ofesi cha ku bwalo la ndege, wa galimoto yake ndi nyumba yake. Anawerama n'kuwafunsa m'Chingerezi ngati akumumva.

A Mbewe anamuyang'ana. Kenako, mawu akutuluka mokhota, anati, "Ndili kuti kuno? Mundipatseko madzi."

"Anti, akuti chiyani?" anandifunsa Editi, m'Chingerezi chomwecho.

Ndinayesa mkuluyo akuchita dala. Munthu amene ankalota ndi kutukwana m'Chingerezi angaiwale bwanji? Koma dokotala anatifotokozera kuti zimachitika: nthawi zina matendawa amachotsa ziyankhulo zimene munthu anaphunzira atakula, n'kumusiyira chimene anayamwa. Anati Chingerezicho chikhoza kubwerera pang'onopang'ono, kapena osabwerera. Sichinabwerere. Sankatha kuchiyankhula, sankachimva, ndipo ka Chizulu kawo kochepa kaja kanapitira limodzi. Ndinawatengera dikishonale yawo yaikulu ya chikuto chong'ambika, poganiza kuti mwina ikawadzutsa. Anatsegula masamba angapo ndi dzanja lamanzere, anayang'ana, n'kundiuza kuti ndiichotse ikuwalemera pamiyendo.

Wina angafunse kuti mwana wa Amalawi awiri, wokulira pa bwalo lodzaza Amalawi, analephera bwanji kumva Chichewa. Analephera chifukwa bambo ake anagwira ntchito molimbika kuti alephere. Mayi ake, Anabanda, anamwalira iye ali ndi zaka zinayi, ndipo mpaka nthawi imeneyo kamwanako kankayankhula Chichewa chokoma ngati ka ku Linthipe. Titangoika maliro, a Mbewe anakhazikitsa lamulo loti m'chipinda mwawo Chichewa chisamvekenso. Ife anansi anatiuza kuti mwana wawo tizimuyankhula m'Chingerezi, apo ayi tizingomusiya. Lamlungu ankapita naye ku tchalitchi cha Chingerezi ku Benoni, osati kwathu kumene timaimba nyimbo za kumudzi. Atakula pang'ono anamupezera malo ku sukulu yogonera komweko. Chizulu ndi Chisutu anatola yekha mumsewu, poti msewu sunkamvera a Mbewe.

Sankamumenya ayi. Bola akanamumenya. Chimene ankachita n'chakuti mwana akayankhula Chichewa, iwo ankasanduka ogontha. Ndikukumbukira m'mawa wina, sabata imodzi chichitikireni maliro, mwanayo atakhala pa sitepe ya khomo lawo akulira kuti akufuna amayi. Bambo ake anaima pafupi n'kumuuza m'Chingerezi kuti anene bwinobwino. Anabwereza m'Chichewa. Iwo anatembenuka n'kupita kukayanika zovala, zopanira zikugwa pansi. Mwanayo anawatsatira akukoka thalauzi, akunenabe zomwezo, iwo osacheuka. Atatopa ananena m'Chingerezi chake chachibwana, ndipo pomwepo anamunyamula, anamukumbatira, nawonso akulira. Ine ndinaona zonsezi ndili pa mpopi, ndipo sindinachite kanthu. Mpaka lero zimandichititsa manyazi.

Ndinadzayankhula patapita zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, mochedwa. Linali Loweruka, ine ndikuchapa, iwo atakhala pa kreti akupukuta nsapato za ku ntchito, akundiuzanso za antchito aja amene chiyankhulo chawo chinadzalamulira dziko. Tsiku limenelo ndinali nditatopa nazo.

"Aphunzitsi, ndifunseko. Zaka zonse zija mabwana akuyankhula Chifalansa, Chingerezicho ankachisunga ndani?"

Anasangalala kuti mwana wa sukulu wafunsa funso. "Anthu wamba, Anaphiri. Amayi kukhitchini, abambo kumunda, poyankhula ndi ana awo. Sichinkafunika ku khoti, koma pakhomo sichinazime."

"Ehe. Ndiye makolo amenewo akanakhala ngati inuyo, bwenzi Chingerezi chanucho chili kuti lero?"

Burashi inaima. Anandiyang'ana ngati ndawathira madzi a sopo kumaso. Kenako anati ine zanga ndi mopu ndi ayironi, za maphunziro ndiwasiyire eni ake. Pamenepo nanenso mutu unatentha. Ndinawauza kuti ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo, ndiponso kuti Anabanda akanadzuka sakanatha kucheza ndi mwana wobereka okha. Mawu omalizawa anali oipa, ndikuvomera. Anatola nsapato zawo n'kulowa m'nyumba, ndipo kwa miyezi yambiri sitinapatsane moni. M'takisi iwo ankakhala kutsogolo, ine kumbuyo.

Anatiyanjanitsa ndi mantha. Chinali chaka chija chimene obwera tinkasakidwa m'malokeshoni, anthu akuthawira ku polisi ndi mabulangeti okha. Pa siteji ya matakisi panali anyamata oimitsa anthu, kuloza chigongono n'kufunsa dzina lake m'Chizulu. Ukalephera, kapena lilime likakupereka, unali mkwerekwere, ndipo zotsatira zake sindikufuna kuzilemba. Anyamatawo anaimitsa a Mbewe akuchokera kogula palafini ndi Editi, amene anali ndi zaka khumi. Asanatsegule pakamwa, mwanayo anayankha m'Chizulu cha mumsewu, mwaukali, n'kuwauza anyamatawo kuti asavutitse bambo ake chifukwa ndi ogontha. Anawasiya apite. Madzulo ake a Mbewe anagogoda pa khomo langa koyamba chiyambanireni.

"Mwaona?" anatero, asanapereke ndi moni. "Akanayankha ndi lilime la ku Dedza, bwenzi mawa mukuphika za maliro awiri."

Ndinadziwa kuti chawapulumutsa ndi Chizulu cha mumsewu, osati Chingerezi chawo cha m'mabuku, koma ndinangowakokera mpando. Sindinganene kuti analakwa pa zonse. Mwana wawo anafikadi kumene akudyako. Ana a ife ena amene tinawayankhula Chichewa bwinobwino ali m'minda ndi m'makhitchini a ku Bedfordview komweko.

Pa maphunziro awo onse a m'takisi, limodzi ndinkalikonda. Ankati kale Chingerezi chinali ndi iwe ndi inu, ngati ife. Iwe wawo anali thou, wa mwana, mnzako, mkazi wako kapena wantchito wako, ndipo you anali inu, wa anthu ambiri ndi wa akuluakulu. Ndiye anthu anayamba kuopa kulakwira munthu pomunena kuti iwe, mwina n'kukhala wolemekezeka, mpaka aliyense anasanduka inu, iwe n'kufa. Iwo ankadzitonthoza nazo zimenezi pa geti. Kamnyamata ka galimoto yaikulu kakawakalipira kuti you, ankaseka chamumtima kuti kakuwapatsa ulemu kosadziwa. Chimene sanaganizire n'chakuti mwana wawo akukula ndi liwu limodzi lokha loitanira bambo ake, mnzake wa kusukulu ndi galu wa pa bwalo.

Atatuluka m'chipatala Editi anafuna kuwatengera kunyumba kwake, koma anakana. Anati kumeneko akakhala ngati ali m'botolo, akuona anthu koma osamva kanthu. Anabwerera m'chipinda chawo chomwechi, ife a pa bwalo n'kumasinthana powasamala. Editi ankabwera tsiku lililonse akaweruka, ine n'kukhala pakati ndi Chingerezi changa cha kukhitchini, kutenga mawu uku kupereka uko. Zinali za mankhwala, za chakudya, za kuzizira. Onse awiri ankayang'ana pakamwa panga m'malo moyang'anana.

Lamlungu lina masana kunabwera amayi atatu a mvano a kutchalitchi kwathu kudzawapempherera, ngakhale mkuluyo anali atatinyoza zaka zonsezi. Tili mkati moimba, Editi analowa foni ili m'manja. Ndinamva pambuyo pake kuti anakhala m'galimoto panja nthawi yaitali akubwereza mawu amene foniyo inamumasulira, kuti awadzidzimutse bambo ake. Nyimbo itatha anakhala m'mphepete mwa bedi, anawagwira dzanja, n'kunena pang'onopang'ono ngati mwana wowerenga pa bolodi:

"Iwe, ukumva bwanji lero? Ndabwera kudzakuona iwe."

Mayi mmodzi anagwira pakamwa. Wina ananong'ona kuti, "Eish, ana a ku Joni." A Mbewe nzeru zawo zinali bwinobwino, ankamudziwa mwana wawo, koma mkwiyo wa Mchewa wa ku Dedza unatuluka nzeruzo zisanaugwire. Anachotsa dzanja.

"Mwana wa ndani ameneyu, wonena akuluakulu kuti iwe? Kwawo kulibe anthu?"

Ndikanatha kukhala chete. Sindinathe. "Ndi wanu, aphunzitsi," ndinatero. "Kwawo ndi m'chipinda muno."

Anandiyang'ana, anayang'ana mwana wawo, kenako makoma anayi aja. Ndiyeno analira kulira kumene sindinakumvepo kwa mwamuna, pakamwa pokhota paja patatseguka, misozi ikulowa m'khutu. Amayi a mvano anatola mabuku awo n'kutuluka mwakachetechete. Editi ankandikoka chitenje akufunsa ngati walakwitsa, ndipo ine ndinamunamiza kuti akulira chifukwa chosangalala. Sanakhulupirire, si wopusa. Titatuluka ndinamufotokozera za iwe ndi inu, zimene mwana wa zaka zitatu amadziwa kumudzi. Anandimvetsera mpaka kumaliza, analowa m'galimoto yake, ndipo anakhala mmenemo osailiza mpaka dzuwa kupendeka.

M'mawa mwake a Mbewe anandiitanitsa ndisanapite ku ntchito. Ndinayesa akufuna kundikalipira, koma anandipempha, mwaulemu umene sindinauzolowere kwa iwo, kuti Editi akakhala m'chipindamo ine ndisamalowe. Anati mawu odzera pakamwa pa wina amafika atazizira. Anati ali ndi nkhani yoti amuuze mwana wawo, ndipo adzamuuza okha iye akakhala ndi mawu okwanira kuimva. Kenako anandifunsa ngati munthu angaphunzire chiyankhulo m'nyengo imodzi yozizira. Ndinawayankha kuti aphunzitsi ndi iwo, ine zanga ndi mopu ndi ayironi. Anaseka ndi mbali imodzi ya nkhope.

Sukulu inayamba tsiku lomwelo. Editi anatenga tchuthi ku ntchito, n'kumafika m'mawa ndi kope. Ndikakhala pa bwalo ndinkamva kudzera pa zenera.

"Madzi."

"Mazi."

"Ayi, mwananga. Ma-dzi."

Vuto linali lakuti pakamwa pa mphunzitsiyo panali popindika, ndiye mwana wa sukulu ankaphunzira mawu opindika kale. Ankatopa msanga. Liwu limodzi linkatha theka la ola, kenako tulo. Koma sindinawamvepo akukalipa ngakhale kamodzi, munthu amene ankachonga ndi makalata omuchenjeza omwe. Editi anayamba kundipatsa moni wa inu, atapinda bondo pang'ono monga ndinamuonetsera, ndipo ndinkathawira m'nyumba kuti asaone nkhope yanga.

Ine ndinkaona kuti thupi likutha msanga kuposa mmene kope likudzazira. Kawiri konse ndinawapempha kuti anene nkhani yawoyo ine ndimasulire, kapena aijambule pa foni kuti mwana adzaimve akadzadziwa. Anakana. Ndinawauza kuti imfa sidikira kuti ana amalize silabasi. Anati zimenezo n'za iwo ndi iye, ndipo anatembenukira ku khoma. Apa m'pamene pali mkwiyo wanga wonse. Liuma limene linamulanda mwanayo chiyankhulo ndi lomwelonso limene linakana njira imodzi yokha imene inatsala.

Anamwalira Lachitatu masana, pa bwalo palibe Mmalawi ndi mmodzi yemwe, tonse tili ku ntchito. Editi akuti bambo akewo anayamba kupuma movutika, anamugwira dzanja mwamphamvu, n'kuyamba kuyankhula. Sanali mawu amodziamodzi a m'kope aja. Inali nkhani yaitali, yotsatana, akumuyang'ana m'maso, nthawi zina kuima ngati akudikira yankho. Iye dzanja limodzi linali mwa bambo ake, linalo likuimbira ambulansi, kenako likuimbira ine. Foni yanga inali m'chikwama kuchipinda chochapira, poti madamu anali ndi alendo. Zojambula mawu sizinamubwerere m'mutu, ndipo ndani angamudzudzule? Ankangowayankha kuti inde, inde, liwu limene anali nalo. Ambulansi inafika iwo atasiya kale kuyankhula.

Tinawaika kuno ku Joni, chifukwa Editi anafuna manda oti azitha kufikako. Abale a ku Dedza anadandaula pa foni, ndipo ndinamasuliranso ndine. Patapita sabata Editi anabwera kwanga, anakhala pa bedi langa, n'kundiuza kuti pa zonse zimene bambo ake ananena pali mawu amene ankawabwerezabwereza. Limodzi analimva bwino chifukwa anali ataliphunzira, mwananga. Koma patsogolo pake pankabwera liwu lina, ndipo chimene anagwirapo ndi kachidutswa kokha, kula. Anandifunsa kuti kula ndi chiyani.

Ndinayendetsa kachidutswako m'mutu. Akhoza kukhala ankati wakula, mwananga, mawu a kholo loona kuti ntchito yake yatha bwino. Akhoza kukhala ankati ndakulakwira, mwananga. Akhozanso kukhala ankati ndinakulanda. Ndinamuuza onse atatu ndi matanthauzo ake. Ndinamupempha kuti ayese kutchula mmene anamvera, ndipo anayesa kanayi, ulendo uliwonse n'kutuluka zosiyana, mpaka analeka n'kubisa nkhope m'manja.

"Anti, inu mumawadziwa. Ndi liti?" Funso limeneli anafunsa theka m'Chichewa, ndipo inu uja anamuika pamalo pake.

Ndikanatha kumusankhira limene likanamugonetsa tulo. Koma ndinali nditamunamiza kale kamodzi m'chipinda chija, ndipo anandigwira. Ndinamuuza kuti sindinaliko, mwanawe, ndipo amene akudziwa tamuika. Sanandikwiyire. Amabwerabe mwa apo ndi apo, amandipatsa moni, timamwa tiyi, koma funso lija sanalifunsenso.

Chipinda chawo chikadali chopanda munthu. Editi sanabweze kiyi, eni bwalo sakumukakamiza, ndipo kiyi wina anandisiyira ine kuti ndizitsegula mphepo ilowe. Lachinayi lija nditaweruka ndinalowamo. Bedi anapatsa banja lina lobwera kumene, mabuku anapita ku sukulu ina ya pafupi, ndipo pa simenti patsala zipsera za miyendo ya shelefu. Mukununkhabe mafuta opaka aja amene tinkawasisita nawo mkono. Chimene palibe analimba mtima kuchotsa ndi timapepala timene Editi anamata ndi selotepi pa chinthu chilichonse, tolembedwa ndi dzanja lake mmene ankamvera kuchokera pakamwa popindika paja. Pa chitseko palembedwa chiseko. Pa zenera pali kake, pa khoma pali kake, ndipo kena kali pamwamba pafupi ndi denga, kaya anakwera pa chiyani. Ta zinthu zimene zinachotsedwa anatimata pansi, kalikonse pamalo pamene chinthucho chinkakhala: bedi, mpando, kapu, bulangeti, mankhwala, ndodo. Ndinayenda mozungulira ndikuwerenga kamodzikamodzi mpaka kubwerera pakhomo. Onse ndi mayina a zinthu zolozeka ndi chala. Pa mawu opepesera, kapena oyankhira munthu akapepesa, anali asanafikepo.